A Tambolo Achotsa Ufiti

Munthu achenjere ndi dzina limene anzake amupatsa pa mowa, pakuti dzina lotere silikalamba ngakhale mwini wake atakalamba. A Valentim Ngozo a ku Domwe analandira lawo akadali mnyamata, m'masiku amene ankayendetsa kaminyawu, galimoto yaikulu yonyamula kachewere kuchokera kumapiri kuno kutsikira ku Tete. Anzawo ataona kuti mowa umalowa mwa iwo monga momwe madzi alowera mu tambolo, mgolo waukulu wosungira madzi, osamveka kuti afika pati, anawatcha a Tambolo, ndipo dzinalo linamera mizu.

Analisamala dzinalo kuposa momwe anasamalira mano awo. Kaminyawu anadyeka ndi dzimbiri kuseri kwa nyumba mpaka nkhuku zinayamba kuikira mazira pampando wa woyendetsa. Mkazi wawo anatsogola, mwana wawo wamwamuna natsatira amake. Zonsezi zinapita, koma dzina linatsala, ndipo mkuluyo, amene tsopano anali atapitirira zaka makumi asanu ndi awiri, ankalinyamula monga momwe msilikali wopuma anyamulira chipewa chake.

Vuto linali limodzi: mowa unali utasintha. Umu ndi momwe iwo ankanenera. Chipanda chimodzi chokha chinkawazunguza mutu, ndipo matsire amene kale ankatha ndi madzi osamba tsopano ankagona nawo masiku awiri. Chifukwa chake iwo ankachidziwa bwino lomwe. Akazi a masiku ano, ankatero, safulula mowa koma mankhwala: wina athiramo fetereza, wina mabatire a wailesi, wina zinthu zosatchulika. Anasiya kumwa kwa mayi uyu napita kwa uyo, ndipo paliponse pamene anachoka anasiyapo mawu oipa. Sichinawadabwitse kuti akazi a midzi yonse yozungulira anapangana kuwononga mowa m'chaka chimodzi, kapena kuti anyamata omwa nawo mtsuko womwewo ankalawirira kumunda m'mawa mwake akuimba likhweru. Wofuna kudzinamiza sasowa mboni.

M'mwezi wa chisanu, kachewere atakumbidwa, linafika tsiku la chinkhoswe cha mdzukulu wawo Natércia, mwana wa malemu mwana wawo uja. Mnyamata wake anali Cláudio, wokonza njinga zamoto ku Kalomwe. Amake a mtsikanayo, a Efigénia, amene anatsalabe pamudzi pa apongozi awo mwamuna wawo atamwalira, poyamba sanamufune mnyamatayo, ndipo sanabise. Ananena pachitsime, akazi onse akumva, kuti mwana wawo anayenera pulofesolo wophunzitsa pa sikola ya ku Ulongwe, osati munthu wonunkha gazolina. Mawuwo anayenda wapansi mpaka ku Kalomwe. Pambuyo pake mayiyo anagonja, ndipo pofuna kusonyeza kuti mtima wawo wayera, anafulula okha mowa wa pachinkhoswepo, osalola dzanja la wina kukhudza chimera.

M'mawa mwa tsikulo anafika pa minibasi ya shapa Rufina, mwana wamkazi wa a Valentim, amene ndi infermera, namwino wa pachipatala, ku Ulongwe. Anapeza abambo ake pakhonde akupukuta nsapato, nawapatsa piritsi lawo la tensawo, lija lotsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo anaima pomwepo kufikira atameza.

"Ababa, lero ochotsa ufiti ndinu?"

"Ukufuna achotse ndani? Mbuzi?"

"Ndiye mungonyowetsa mlomo. Mwambo umafuna mlomo, sufuna mimba."

"Wonyowetsa mlomo ndi njiwa, Rufina. Ine ndine Mngoni."

Rufina anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, natsitsa mawu kuti a kukhitchini asamve. "Tamverani. Mutenge mchere wodzaza dzanja muthire mumphika wa pamaliro. Mutengenso dzanja lomwelo muthire m'kamphika ka ndiwo za munthu mmodzi. Mchere ndi womwewo, koma ndiwo zinazo sizidyeka. Thupi la mnyamata lili ndi minofu yambiri, ndipo minofu ndiyo imasunga madzi. Munthu akamakula minofu imatha, madzi amachepa, ndiye mowa ukalowa supeza posungunukira, umangothamangira kumutu uli wowawa. Chiwindi nachonso, chimene chimasefa mowawo m'magazi, ntchito chikugwirabe, koma katundu amene kale chinkatsitsa m'mawa umodzi lero chimatsitsa mpaka mkuja. Onjezanipo piritsi mwangomwali, ndi m'mimba mopanda kanthu."

"Ndinakutumiza ku sikola kuti ukaphunzire kuti abambo ako ndi kamphika?"

"Tambolo ndi yemweyo, ababa, koma madzi anaphwa."

"Ukuti tsabola wakale sawawa? Lero uona ndi maso."

Anawabweretsera tiyi ndi kachewere wophika kuti atsirepo m'mimba. Iwo anakankha mbaleyo ndi nsonga ya nsapato, nati chakudya chimatenga malo a mowa. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu lina lili ndi chikopa cha ng'ombe.

Alendo anafika dzuwa lisanafike pamutu, atadzikulunga m'majuzi ndi m'zitenje chifukwa cha mphepo yozizira ya kumapiri. Anakhala pa mabenchi obwereka kutchalitchi, mmodzi wa iwo atakumbatira tambala womanga miyendo. Kumbali ya akuchikazi kunali msoti wovundikiridwa m'dengu. Nkhuku ziwirizi zikasinthana manja, ndiye kuti mabanja amangana. Zikapanda kusinthana, palibe chimene chachitika, ngakhale anthu atavina mpaka fumbi kutseka dzuwa.

Wotsogolera alendowo anali a Nikolasi Kamtedza, amalume ake a Cláudio, amenenso anali nkhoswe. Anali munthu wa imvi, wocheperapo zaka kwa a Valentim, ndipo pa unyamata wawo anagwirapo ntchito yokweza matumba pa makaminyawu. Atangoona mwini mudzi, anavula chipewa.

"Zikomo a Ngozo! Ana inu, muyang'anitsitse mkulu uyu. Ine ndinamuona ndi maso angawa pa Kalomwe atamwa mtsuko wathunthu yekha, anzake asanu atagona m'ngalande, iye n'kukwera kaminyawu kutsika naye mpaka ku Tete, thumba ngakhale limodzi osagwa. Amuna otere analeka kubadwa."

A Valentim anagwedeza dzanja ngati akukana, koma chifuwa chinali chitatukumuka mpaka batani la kazako, jekete lawo, kulira. Kuti kuyendetsa galimoto mtsuko uli m'mimba ndi uchitsiru umene Mulungu anangouchitira chifundo, palibe amene ananena.

Tsono mowa superekedwa kwa mlendo mwini wake asanaumwe pamaso pa onse. Kumeneko ndiko kuchotsa ufiti: ngati mumtsuko muli choipa, chiyambe ndi mwini khomo. Mtsuko uliwonse umachotsedwa ufiti pawokha, ndipo a Efigénia, pofuna kuti a ku Kalomwe akasimbe, anandandalika mitsuko ingapo pansi pa mtengo wa mapichesi. Anagwada, natunga chipanda mumtsuko woyamba, napereka kwa apongozi awo ndi manja awiri.

Munthu wanzeru akadapsontha pang'ono n'kubweza. A Valentim anayang'ana a Nikolasi, nayang'ana Rufina amene anali ataima pakhomo la khitchini, kenaka anakweza chipandacho osachitsitsa mpaka masese atawagunda pamphuno. Anachitembenuza kuti onse aone kuti sichikudontha. Nthungululu zinamveka. Mtsuko wachiwiri anauchita chimodzimodzi. Pa wachitatu a Efigénia anatunga mosadzaza, koma mkuluyo anawabwezera chipandacho, nati, "Mayi, mukupatsa mwana kodi?" Anthu anaseka, ndipo chipanda chinadzazidwa.

Mowa unayamba kuzungulira pa mabenchi. A Valentim anakhala pampando wawo akumva kutentha kukukwera m'makutu, ndipo anakulandira ngati mnzawo wakale. Koma mnzakeyo anabwera ndi changu chachilendo. Nthawi yolankhula itakwana, mawu a anthu anali atayamba kumveka ngati akuchokera kutsidya kwa dambo, ndipo mtengo wa mapichesi unali utasanduka iwiri.

Anaimirira. "Ife a kuchikazi," anayamba, koma lilime linali litalemera ngati bulangeti lonyowa. "Ife a kuchi... ife..." Nthaka ya pabwalo, imene anaipondaponda moyo wawo wonse, inapendekeka mwadzidzidzi. Anatambasula dzanja kufuna chogwira, napeza mphepo yokha, ndipo anagwa chammbali, phewa n'kugunda dengu lija. Msoti unatuluka ukulira, nuthawira m'munda wa nyemba.

Atagona chagada, thambo likuzungulira pamwamba pawo ndi nkhope za anthu zikuwaweramira, a Valentim anali ndi zifukwa ziwiri zosankhapo. China chinali chimene anamva m'mawa pakhonde. China chinali chija anachizolowera, chimene sichinawachititsepo manyazi. Anaona nkhope ya a Nikolasi, yodabwa ngati ya mwana woona phiri likugumuka, ndipo anasankha.

"Muli kanthu," anatero mokweza. "Mowawu muli kanthu."

Kenaka zipanda zinayamba kutsikira pansi chimodzichimodzi. Mayi wina wa ku Kalomwe analavula zimene zinali m'kamwa, napisa chala kummero. Wina anayamba kuitana dzina la Yesu ndi la Maria. Maso onse anatembenukira kwa a Efigénia, amene anali chigwadire pafupi ndi mitsuko yawo.

"Si uja ankati mwana wathu amanunkha gazolina?" anafuula azakhali ake a Cláudio. "Lero amafuna atinunkhitse tonse!"

A Efigénia anatenga chipanda, natunga mumtsuko uliwonse, namwa pamaso pa onse. Koma azakhali aja anati mwini mankhwala sasowa chosukulutsira. Anyamata awiri a pamudzipo anamwanso, naimirira ndi mwendo umodzi kusonyeza kuti ali bwino. Anayankhidwa kuti a pakhomo anachenjezedwa kale. Rufina anayesa kufotokoza za madzi a m'thupi ndi za chiwindi, koma a Nikolasi anamudula mwaulemu wonse.

"Mayi, za kuchipatala timazilemekeza. Mukadanena za munthu wina, tikadamva. Koma awa ndi a Tambolo. Mowa wabwinobwino sungagwetse a Tambolo ndi zipanda zitatu, ngakhale makumi atatu. Ngati agwa, ndiye kuti mumtsuko muli chimene chinakonzedwera ife, ndipo mkuluyu watiombola ndi thupi lake. Cláudio, nyamula tambala."

Chotero mbiri imene a Valentim anaimanga zaka zonsezo inaimirira pabwalo ngati mboni, nitsutsa mkazi wamasiye amene sanalakwe kanthu.

Anawanyamula kupita nawo kuseri kwa nyumba, kumene anasanza pafupi ndi matayala akuphwa a kaminyawu. Rufina anawagoneka chammbali, nawapukuta kumaso ndi nsalu yonyowa, nawamwetsa madzi pang'onopang'ono. Sanawakalipire, ndipo kusakalipako kunawawa kuposa mawu. Kubwalo kunkamveka mabenchi akukokedwa ndi anthu akuitanizana kuti akadikire shapa kumsewu.

Kenaka kunabwera Natércia, atavala chitenje chake chatsopano, nsalu ya kumutu ili m'manja. Sanalire. Anagwada patali pang'ono, monga ayenera mdzukulu.

"Agogo, akupita. Amayi adzitsekera m'nyumba. Ine ndingofunsa chimodzi, ndipo chimene munene ndikhulupirira. Amayi anathiramo kanthu?"

A Valentim anatseka maso. Kunama kwa khamu la anthu n'kopepuka, pakuti khamu lilibe nkhope.

"Ndidzutseni," anatero.

Anatulukira pabwalo atakolekera dzanja limodzi pa phewa la Rufina, lina pa phewa la Natércia, kazako ali ndi fumbi mbali yonse. Alendo anali atafika kale pa mpanda. Mkuluyo anawaitana ndi mawu osasa, ndipo chifukwa cha ulemu anabwerera, koma sanakhale pansi.

"A Kamtedza, mowa uja ulibe kanthu. Mawu aja ndinalankhula ndine, ndipo ndikuwabweza. Chandigwetsa ndi ukalamba."

"A Ngozo," anayankha a Nikolasi mofatsa, "tikudziwa kuti nyumba imabisa zake. Musadzivute."

"Sindikubisa kanthu!"

"Nanga munthu amakalamba tsiku limodzi? Dzulo Tambolo, lero nkhalamba?"

Apa a Valentim anazindikira kuti choonadi chongonena sichikwanira, chifunika mboni, ndipo mboni zake zinali zija anazikwirira mozama. Anayamba kuzifukula yekha, pamaso pa alendo, pa adzukulu ndi pa akazi a pamudzi. Ananena za Khirisimasi yapitayo, pamene anauza anthu kuti anagona kwa mnzawo, chikhalirecho anagona mumzere wa kachewere atamwa kopo imodzi yokha ya vinyo. Ananena za chilonda cha pachipumi, chimene anati anagundidwa ndi nthambi, pamene anagwa pakhomo la chimbudzi. Ananena za maliro ena kumene anachoka msanga atamanga juzi m'chiuno, ndipo sanafunike kufotokoza chimene juziyo inkabisa. Anatchulanso mayina a akazi ofulula amene anawaipitsira mbiri, mmodzimmodzi, ena a iwo ali pomwepo.

"Onsewo mowa wawo unali wabwino. Thupi ili ndilo latha madzi. Mwana wangayu anandiuza m'mawa, ine ndinakana. Mukafuna kuseka, sekani ine. Koma mayi ali m'nyumbamo mumusiye, ndipo ana awa musawalekanitse chifukwa cha nkhalamba yosamva."

Palibe anaseka, kupatula mayi mmodzi wofulula amene anati, "Ehe!" n'kudzigwira pakamwa. A Nikolasi anayang'ana pansi nthawi yaitali, akuzunguza chipewa m'manja. Cláudio, amene chiyambire sanatsegule pakamwa, anabwera kutsogolo tambala ali kukhwapa, nati, "Amalume, ine mowawo ndinamwa zipanda ziwiri, ndipo chikundipweteka ndi njala yokha." Pamenepo ena anaseka, ndipo a Nikolasi anakhala pansi. Onse anakhala.

Anatuma anthu kukasaka msoti m'munda wa nyemba, ndipo unagwidwa utataya nthenga zingapo. A Efigénia anatuluka maso ali ofiira, nakhala kumbuyo kwa akazi anzawo. Mawu a kuchikazi analankhula munthu wina, a Valentim atakhala pampando, bulangeti lili m'miyendo. Tambala anawoloka, msoti unawoloka, nthungululu zinamveka, ngakhale zinali zopyapyala. Chakudya chinadyedwa chonse. Mitsuko ndiyo inatsala pansi pa mtengo wa mapichesi monga momwe inalili, ntchentche zikuzungulira pakamwa pake, ndipo aliyense anali ndi chifukwa chake: wina mutu, wina ulendo wautali, wina anakumbukira kuti ndi wa kwaya.

Dzuwa litapendeka, alendo akutsanzika, a Nikolasi anabwera okha pampando wa mkuluyo. Anawerama, nagwira dzanja lawo ndi manja awiri, nalankhula motsitsa kuti amve awiri okha.

"A Ngozo, lero ndaona chachikulu kuposa cha pa Kalomwe chija. Munthu kudzivula pagulu chotere, kudzipekera manyazi amene sanachitike, n'cholinga chopulumutsa mdzukulu ndi mpongozi! Zija za juzi mwachita kuonjeza, koma zagwira ntchito. Ine ndavomera chifukwa cha inu. Mwanayo tamulandira ndi manja awiri, alibe mlandu. Amake okhawo, ku Kalomwe azibwera, koma kumphika asamayandikire. Musadandaule, sindiuza munthu. Ife timadziwa kuti Tambolo sagwa ndi zipanda zitatu."

A Efigénia anali chapafupi, atawerama, akusonkhanitsa mbale za alendo. A Valentim anawayang'ana. Anatsegula pakamwa, mpweya wa mawu unafika mpaka pammero. Kenaka anayang'ananso nkhope ya a Nikolasi, yodzala ndi ulemu umene anayesa kuti autaya kosatha, ndipo anatseka pakamwapo.

"Muyende bwino, a Kamtedza," anatero. "Mupereke moni kunyumba."